Tifike nthawi yanji padoko la Durban? Amayi a chipereganyu akufunsa

Mayi a Tadala (Turffontein): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi funso, ndipo ndikupempha amene munakwerapo sitima zikuluzikulu zoyendetsa alendo panyanja zija mundithandize. Ife amayi asanu ndi atatu a chipereganyu takhala tikuponya ndalama chaka chonse, ndiye tinagwirizana kuti ulendo uno tisagule mapoto ndi mabulangete ngati zaka zonsezi, tikaoneko nyanja yamchere. Talipira sitima yonyamuka ku Durban Lachisanu, kupita ku Portuguese Island ku Mozambique, kubwerako Lolemba m'mawa. Pa tikiti alemba kuti tifike padoko 11:30 m'mawa, koma sitimayo inyamuka chakumadzulo. Apa ndiye pagawanika maganizo. Ena akuti tikwere basi ya usiku Lachinayi pa Park Station kuno ku Joni, kukamacha tili ku Durban. Ena akuti amuna a mnzathu wina ali ndi minibasi ya Quantum, tinyamuke 3 koloko mbandakucha wa Lachisanu lomwelo, tisaononge ndalama ya malo ogona. Wina akuti 11:30 ndi yongolemba, bola kufika sitima isanachoke. Ine mtima suli m'malo. Tifike nthawi yanji kwenikweni?

Che Yusufu (Mayfair): Mayi, lawirirani. Ine ndinakwera ndi banja langa chaka chathachi, 7 koloko tinali kale pachipata. Ukakhala kutsogolo kwa mzere umalowa msanga, ndipo chakudya chamasana umadya m'sitima momwemo, poti unalipira kale. Tsiku loyambalo ndi lanu, musalitaye.

Nachisale (Yeoville): Che Yusufu, ndikufunseni mwaulemu. Munafika 7 koloko, nanga munalowa m'sitima nthawi yanji?

Che Yusufu (Mayfair): Zoona zake, inali itadutsa 11. Tinaima nthawi yaitali, ndipo ana anavutika ndi kutentha.

Nachisale (Yeoville): Ndimafuna zimenezo. Ine ndinagwirapo ntchito yokonza m'zipinda m'sitima zoterezi kwa nyengo ziwiri, ndiye ndikuuzeni zimene zimachitika mkatimo inu muli panja. Sitima imene mudzakwere Lachisanuyo siikhala ikukudikirani yopanda anthu ayi. Imafika m'mawa womwewo itadzaza ndi anthu a ulendo wapitawo, oposa 2,000, ndipo onsewo ayenera kutsika kaye, kutenga masutikesi awo, kudindidwa mapasipoti. Mukafika 7 koloko mukumana ndi chikhamu chimenecho chikutuluka, magalimoto odzatenga abale atadzaza msewu wa Mahatma Gandhi, inu mulibe ndi pokhala pomwe.

Nthawi imeneyo ife timakhala tikuthamanga. Munthu mmodzi zipinda zambirimbiri, kuvula mabedi onse, kuyala nsalu zatsopano, kutsuka mabafa, kutola zimene anthu aiwala pansi pa bedi. Pansi padoko mathiraki akutsitsa ufa, nyama, masamba, zakumwa, kwina akutulutsa zinyalala. Ndimakumbukira msana ukuwawa cha m'ma 10 koloko, ngolo yanga ya matawulo ili m'kanjira, kapitawo akuyenda ndi pepala kuona chipinda chilichonse. Mlendo sangalowe ntchito imeneyi isanathe. Ndiye chifukwa chake amagawa nthawi pa matikiti, ena 10:30, ena 11:30, ena masana, kuti anthu asafike onse pakamodzi. Mayi a Tadala, 11:30 yanuyo si yongolemba. Fikani cha m'ma 11, mupereke masutikesi, muime pamzere mtima uli pansi.

Mayi a Tadala (Turffontein): Zikomo achemwali, izi sindimazidziwa. Ine ndimaona ngati sitimayo imagona padoko kuyambira dzulo lake.

Bambo a Yamikani (City Deep): Nkhani ya ola lofikira padoko yamveka. Ine chandidetsa nkhawa ndi Quantum ya 3 koloko ija. Ndimayendetsa thiraki ya makontena pakati pa City Deep ndi doko la Durban, msewu wa N3 ndimaupita kawiri kapena katatu pa sabata. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 570. Msewu ukakhala bwino, galimoto yaing'ono imatenga maola 6, kuphatikiza kuima pa matoligeti asanu aja, De Hoek, Wilge, Tugela, Mooi River ndi Mariannhill. Koma amayi asanu ndi atatu adzafuna kuima pa Harrismith kumwa tiyi ndi kupita kokadzithandiza, ndiye werengerani maola 7. Mukanyamukadi 3 koloko mufika 10 koloko. Pa pepala zikuoneka bwino.

Vuto ndi lakuti msewu umenewu ulibe lonjezo. Mukangodutsa Harrismith mumatsika Van Reenen, phiri lokhotakhota, ndipo nyengo yamvula ino nkhungu imatsika mpaka osaona magetsi a galimoto ili patsogolo pako. Thiraki imodzi ikagwa pamenepo, msewu wonse watsekeka, ndipo pothawira ndi patali. Pa Hilton ndi pa Town Hill potsikira ku Pietermaritzburg ndi chimodzimodzi. Kuchokera pamenepo kukafika ku Durban akukuza msewu, malo ena mumayenda ngati muli pa maliro. Mu Seputembala 2024 chipale chinatseka Van Reenen, anthu anagona m'magalimoto usiku wonse. Inde chipale sichigwa mu Febuluwale, koma ndikungofuna muone kuti msewu waukulu chotere umatha kuima tsiku lathunthu. Ine ndikachedwa, kontena imadikira. Inu sitima sidzakudikirani.

Mphwanga wa ku Diepsloot: Koma akuluakulu mukuopseza amayiwa. Anthu amapita ku Durban m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo. Malo ogona a anthu 8 ndi ndalama zambiri, pamene angathe kukagwiritsa ntchito m'sitima. Ngati akuopa galimoto akwere ndege ya m'mawa pa OR Tambo, ola limodzi basi afika.

Anaphiri (Cosmo City): Achimwene a ku Diepsloot, mawu amenewo ndinawayankhulapo ine ndi pakamwa pangapa. Ndakhala ndikuwerenga osafuna kulemba, chifukwa nkhaniyi imandipwetekabe, koma Mayi a Tadala ayenera kuimva.

Ine ndi bambo a kunyumba tinakwanitsa zaka 20 tili m'banja. Ana athu anasonkherana, ifenso tinaonjezera, tinagula ulendo wa masiku anayi. Ndinasoketsa diresi la chitenje ndi malaya a bambo a nsalu yomweyo, kuti tikajambulitse pokwera. Bambo anati tigone ku Durban. Ine ndi amene ndinakana, ndinati ndalama imeneyo tikagulire ana mphatso. Tinanyamuka 4 koloko m'mawa pa galimoto yathu, tikuimba nyimbo za kwaya. Titangoyamba kutsika Van Reenen tinapeza magalimoto aima. Poyamba tinkati mphindi zochepa. Kunali thiraki itagona chopingasa msewu, katundu atamwazika. Tinakhala pamenepo maola anayi. Ndinkangoyang'ana wotchi ya pa foni, kenako ndinaitembenuza chafufumimba pamwendo kuti ndisaionenso.

Titafika padoko sitima inalipo. Ichi ndiye chimandiwawa kwambiri, inalipo, yoyera, yaitali ngati nyumba zosanja za ku Hillbrow, anthu ali pamwamba akuimika manja, nyimbo zikumveka. Koma polembetsa anali atatseka. Mtsikana wa pakhomopo anatilankhula mwaulemu ndithu, anati mndandanda wa okwera wapita kale kwa a zolowa ndi kutuluka, palibe chimene angachite. Ndinagwada, ine mayi wamkulu, pa simenti yotentha. Bambo anandidzutsa, tinayenda mpaka kugombe kufupi ndi uShaka, tinakhala pa benchi titavala zofanana zija, masutikesi ali pambali. Tinaiona ikutuluka pakamwa pa doko pang'onopang'ono, ikuliza lipenga lake. Bambo sananene kanthu, anangondigwira dzanja. Ndalama sinabwere ngakhale randi imodzi, poti zinalembedwa kale m'mapepala amene tinasaina kuti wochedwa wataya. Usiku umenewo tinagonabe ku Durban, kulipira malo omwe ndinkakana aja.

Mayi a Tadala (Turffontein): Anaphiri, pepani kwambiri. Ndawerenga misozi ikulengeza. Zikomo chifukwa chosatibisira. Ndatumiza uthenga wanuwu kwa anzanga onse momwe uliri.

Mphwanga wa ku Diepsloot: Pepani amayi, ndinayankhula mopepuka. Koma funso langa la ndege likadalipo.

Bambo Mbewe (Kempton Park): Ndege ndi yabwino kuposa msewu, mphwanga, koma ya tsiku lomwelo ndimaikayikirabe. M'mwamba ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa, zoona. Koma bwalo la King Shaka lili ku La Mercy, makilomita oposa 30 kumpoto kwa mzinda, ndiye muonjezere kudikira masutikesi ndi kupeza galimoto yokwana anthu 8 ndi katundu wawo. Ndege ikachedwa kapena ikalephereka, ya pambuyo pake mwina ndi yodzaza. Choopsa china ndi sutikesi kutsalira. Ukafika dzulo lake, sutikesi imakupeza ndi ndege yotsatira. Ukafika tsiku lomwelo, ukwera sitima ndi zovala za m'thupi zokha.

Agogo a ku Nkhata Bay (Randburg): Ana anga, ine ndakulira pa Ilala. Sitima imene ija inapangidwa ku Scotland mu 1949, ndipo yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951, kuchoka ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba. Kwathu tinazolowera kuti ukamva kulira kwake ndiye umanyamula mtolo, poti pa Nkhata Bay imakhalitsa, akukweza matumba a chimanga ndi a usipa, wina akutsanzikabe abale. Ndikuona kuti mnzanu amene akuti bola kufika sitima isanachoke ali ndi Ilala m'mutu. Musamuseke, tonse tinaphunzira choncho. Mungomufotokozera kuti kuno khomo limatsekedwa sitima ikadali pomwepo.

Nachisale (Yeoville): Agogo mwalasa. Ndipo chifukwa chake chilipo, si nkhanza. Pa tikiti pamakhala nthawi ziwiri zosiyana, yonyamukira ndi yotsekera kulembetsa, ndipo yachiwiriyo imabwera kale ndithu yoyambayo isanakwane. Imeneyo ndi imene muyenera kuilemba pa dzanja. Akatseka, maina onse amapita kwa a boma. Kenako pali maphunziro a chitetezo. Aliyense, ngakhale khanda, ayenera kudziwa malo ake osonkhanira ngozi itagwa, ndi mavalidwe a jekete yoyandamitsa. Kale ankaloledwa kuchita zimenezi sitima ili kale panyanja, bola pasanathe maola 24. Koma mu Januwale 2012 sitima ya Costa Concordia inagunda mwala kufupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy, anthu 32 anamwalira, ndipo ena mwa okwera anali asanaphunzitsidwe chifukwa anali atangokwera tsiku lomwelo. Kuyambira 2015 lamulo la panyanja likuti maphunzirowa achitike sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka. Ndiye musadabwe akamakusakani ndi dzina ngati simunapite.

Chinanso, Durban ndi doko lotanganidwa kwambiri, sitima za makontena zimakhala pamzere kunja. Sitima yathu imapatsidwa nthawi yake yotulukira, ndipo pamabwera katswiri wa padoko kudzaitsogolera pa khwalala lolowera lija, pali timasitima tokoka tikudikira. Woyendetsa sangauze anthu onsewo kuti dikirani, Quantum ina ili pa Mooi River.

Bambo a Yamikani (City Deep): Katswiri ameneyo nthawi zambiri amamutenga pa helikopita. Mukadzatuluka mudzakhale pamwamba, mwina mudzaona akumukweza ndi chingwe. Ine ndimaonera patali ndili pamzere wa mathiraki, ndipo sindinatopepo nazo.

Mlongo wa ku Rosettenville: Ine ndifunseko mbali ina. Basi ya usiku ija yaipa pati? Imafika m'mawa, nthawi ikadalipo yambiri.

Bambo a Yamikani (City Deep): Ndi yabwinopo kuposa ya 3 koloko, chifukwa ikachedwa ndi maola atatu mukhozabe kufika. Koma ikafa panjira pakati pa usiku, mudikira ina ichoke kutali kudzakutengani. Komanso mukafika 5 kapena 6 koloko m'mawa, amayi 8 ndi masutikesi pa siteshoni, mukhala kuti mpaka 11? Mudzalowa m'sitima maso ali psuu, tsiku loyamba lonse kuthera kugona. Ngati ndi basi, kwerani ya m'mawa Lachinayi, mufike kukadali kowala.

Che Yusufu (Mayfair): Pamenepo ndikugwirizana nazo. Ifenso tinagona ku Durban, n'chifukwa chake tinatha kulawirira chotero. Mukagawana zipinda ziwiri kapena kupeza nyumba imodzi ya kukhitchini komwe, mtengo pa munthu umatsika. Funani cha ku South Beach kapena ku Point, doko lili pafupi. Ndipo muuze woyendetsa kuti mukupita ku Nelson Mandela Cruise Terminal. Ena akale amadziwabe N Shed, kumene anthu ankakwerera malo atsopanowa asanatsegulidwe mu 2021, angakutengereni mbali ina ya doko. Koma pa mfundo yanga ija sindikusuntha kwenikweni: musafike mochedwa dala poti mwamva kuti mzere umatha masana. Chakudya chimakhala chitayalidwa kale pamwamba, ndipo kuyendera sitima anthu asanadzaze n'kokoma.

Nachisale (Yeoville): Apo palibe mkangano, Che Yusufu. Ndionjezere za katundu. Sindikizani timapepala ta pa sutikesi muli konkuno ku Joni, pali dzina ndi nambala ya chipinda, mumangirire musanafike. Sutikesi mukaipereka pakhomo simuionanso mpaka madzulo, nthawi zina mdima utagwa, poti timanyamula zikwi za masutikesi kukweza m'nyumba zosanja. Choncho pasipoti, tikiti, mankhwala a BP kapena a shuga, chaja ya foni ndi chovala chosinthira zikhale m'kachikwama ka m'manja. Ndinaonapo agogo ena akunjenjemera m'kanjira chifukwa mapiritsi anali m'sutikesi, ife tikusakasaka pakati pa mulu. Ayironi, ketulo ndi mowa musiye kunyumba, amalanda pa makina oyezera. Ndipo ngati pali woyembekezera pagulu lanu, afunse msanga, chifukwa mimba ikafika masabata 24 salola kukwera.

Bambo Mbewe (Kempton Park): Pali nkhani ina imene palibe waitchula, ndipo kwa ife Amalawi ndi yaikulu kuposa ola lofikira. Ndiyankhula mosapsatira chifukwa ndimakukondani. Sitima yopita ku Portuguese Island ikutuluka m'dziko la South Africa. Padoko paja pali a zolowa ndi kutuluka ngati a pa Beitbridge kapena pa OR Tambo, ndipo adzatsegula pasipoti ya aliyense. Mmalawi wolowa ngati mlendo amapatsidwa masiku 30. Amene masiku ake anapitirira, akangofika pa tebulo paja amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dziko muno. Ngati anapitiriza osaposa masiku 30, chiletso ndi chaka chimodzi. Ngati anaposa, zaka 5. Tsono ganizani, sitimayo ikubwerera ku Durban komweko Lolemba, ana ali ku Turffontein, ntchito ili kuno. Amene ali ndi pepala la ofuna chitetezo nayenso asayerekeze kutuluka nalo asanafunse odziwa malamulo.

Amene mapepala ake ali bwino aonenso kuti pasipoti yatsala ndi miyezi yosachepera 6, masamba opanda chidindo alipo, ndipo pemiti sikutha ali panyanja. Ku Mozambique ife sitifuna viza pa ulendo waufupi, koma amene mudzafune maulendo aatali opita ku Réunion mudziwe kuti chilumba chimenecho ndi cha France, malamulo ake ndi ena. Mayi a Tadala, khalani pansi ndi anzanu, aliyense atulutse pasipoti yake patebulo, muone ndi maso. Musangofunsa kuti zili bwino, poti munthu amachita manyazi kunena.

Mlongo wa ku Rosettenville: Bambo Mbewe, nkhani imeneyi si ya pagulu. Anthu ena akuwerenga pano mitima ikuwawa.

Bambo Mbewe (Kempton Park): Ndikumva mlongo, ndipo sindikuloza munthu chala. Ambiri a ife tinadutsamo m'mavuto a mapepala, ine ndemwe. Koma kuli bwino amve kuwawa pano pa foni kusiyana ndi kukamva ataima pa tebulo paja anzake akulowa. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Agogo a ku Nkhata Bay (Randburg): Asiyeni anene. Mwana wanga Mayi a Tadala, ukakamba ndi anzakowo usakambe pa gulu la anthu 8. Uyambe ndi mmodzimmodzi, kuseri.

Mayi a Tadala (Turffontein): Ndakhala chete kanthawi chifukwa ndimaimba mafoni. Bambo Mbewe, mwatithandiza kuposa mmene mukudziwira. Sinditchula munthu, koma pali mmodzi mwa ife amene wandiuza yekha, akulira, kuti nkhaniyi ikumukhudza. Ankaona ngati poti tikwerera ku Durban n'kutsikira ku Durban ndiye kuti sitinatuluke. Inenso ndinkaganiza choncho. Ndi mayi amene sanaphonyepo kuponya ngakhale mwezi umodzi, ndipo ndi iye anayambitsa maganizo a ulendowu.

Pa za nthawi tagwirizana. Tinyamuka Lachinayi 7 koloko m'mawa pa Quantum ija, amuna a mnzathu aja avomera kupempha tsiku kuntchito. Tigona ku South Beach, Lachisanu tidzuka bwinobwino, 11 koloko tili pachipata. Amene ankakana za malo ogona atawerenga za Anaphiri sanatsutsenso.

Anaphiri (Cosmo City): Mwandisangalatsa. Mukakwera mudzajambule chithunzi muli pamwamba, mudzatumize pano. Ine ndi bambo tayambanso kusunga.

Nachisale (Yeoville): Za mnzanuyo musachedwe. Makampani ambiri amalola kusintha dzina pa tikiti ngati mwanena nthawi ikadalipo, pamakhala kandalama kolipira, ndipo masiku akayandikira amakana. Imbani kumene munagula mawa m'mawa, mufunse tsiku lomaliza losinthira dzina ndi mtengo wake, ndipo akulembereni pa imelo. Akapezeka wina wolowa m'malo mwake, ndalama yake ibwerera. Mufunsenso ngati pali maulendo ongozungulira panyanja osaima dziko lina, ndi mapepala amene amafuna pa ulendo wotero, koma zimenezo akazimve kwa iwo eni ndi kwa wodziwa malamulo, osati kwa ife pano.

Mayi a Tadala (Turffontein): Ndiimba 8 koloko akangotsegula. Mng'ono wake wa mnzathuyo ali ndi pemiti yabwino, mwina angatenge malowo, ndalama n'kukhala m'banja momwemo. Madzulo ano ndikupita kunyumba kwake ndikakhale naye kaye. Bambo a Yamikani, Lachitatu usiku ndidzakufunsani mmene msewu ulili.

Bambo a Yamikani (City Deep): Mudzandipeza mayi. Sabata imeneyo ndikhala ndikukwera kuchokera ku Durban Lachitatu, ndiye ndidzakuuzani zimene ndaona ndi maso. Muuze bambo wa Quantum ayang'anitse mabuleki ndi matayala, Van Reenen ndi Town Hill amatsika ndi giya, osati ndi phazi.